Mmene mungazindikirire bowa wauchi wakutchire n'kumudya popanda ngozi

Anthu amene amadwala atadya bowa wauchi nthawi zambiri amakhala atalakwitsa chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amapeza gulu lonse lili mbwee pachitsa, amayang'anitsitsa bowa mmodzi yekha, otsalawo n'kungokokolera m'dengu, osadziwa kuti pakati pawo pabisala mlendo wakupha. Ena amazula bowa weniweni ndithu, koma amamuphika mwachangu ngati bowa wolimidwa uja, usiku wonse n'kuchezera kusanza.

Bowa ameneyu m'Chingerezi amati honey mushroom, ndipo akatswiri amamutcha Armillaria. Alipo wa mitundu ingapo, wodziwika kwambiri ndi Armillaria mellea. Dzina la uchi likuchokera ku maonekedwe a chipewa chake, sikuti ndi wotsekemera ayi. Amadyedwa akapsa bwino, koma si bowa woyambira munthu amene sanazulepo bowa wakutchire. Ngati ndinu woyamba, malangizo anowa muwagwiritse ntchito muli limodzi ndi munthu amene wazula bowayu kwa zaka zambiri. Paja safunsa anadya phula, ndipo kunoko chimene mungadye n'choposa phula.

Zofunika kukhala nazo

- Dengu lopita mphepo
- Timatumba ta pepala tingapo, kuti bowa wa pachitsa chilichonse alowe m'thumba mwakemwake
- Mpeni wakuthwa wokumbira ndi kudulira
- Kaburashi kofewa
- Galasi lokuza zinthu, ngati lilipo
- Pepala loyera ndi pepala lakuda, komanso tambula yovundikirira
- Buku la bowa lonena za dera limene mukukhala, lokhala ndi zithunzi
- Foni yojambulira
- Poto wamkulu, madzi ambiri, mchere, sefa ndi chiwaya

Matumba a pulasitiki asiyeni. Bowa amachita thukuta m'menemo, amayamba kuola musanafike n'kunyumba komwe, ndipo zizindikiro zimene mukufuna kukaona zimafafanizika.

1. Funani pamalo oyenera

Bowa wauchi amadya mtengo, wamoyo ndi wakufa womwe. Mumupeza pa zitsa, patsinde pa mitengo imene ikufota, ndi pa mizu yokwiririka. Amatuluka mvula ikagwa nyengo n'kuzizirirako. Ku Ulaya ndi ku North America nthawi yake ndi kuyambira Seputembala mpaka Novembala, kwina amatsata mvula ya kumeneko. Armillaria mellea amamera mothinana, miyendo yambirimbiri yolumikizana patsinde limodzi.

Chenjezo: bowa amene ali pa mizu yokwiririka amaoneka ngati watuluka m'dothi. Musaganize chabe kuti pansipo pali muzu, kumbani muuone. Ngati simukupeza mtengo uliwonse umene wagwira, musiyeni.

Pewaninso m'mbali mwa misewu ikuluikulu, pafupi ndi mafakitale kapena kudzala, ndi pamene papoperedwa mankhwala. Bowa amayamwa zoipa za pamalo pamene wamera, ndipo kuwiritsa sikuchotsa zonse.

2. Suzumirani pansi pa khungwa

Tengani mpeni mukanganule khungwa lofooka la chitsacho. Mukufuna zinthu ziwiri. Choyamba ndi zingwe zakuda kapena zoderako, zolimba, zoyanga pakati pa khungwa ndi mtengo, zooneka ngati zingwe zomangira nsapato. Chachiwiri ndi nkhungu yoyera yosalala, yoyala ngati nsalu yopyapyala, yonunkhira bowa. Izi ndi zizindikiro za Armillaria, ndipo zingwezo ndi zimene amayendera kuchoka pamtengo wina kupita pa wina.

Koma zingwezi zikungokuuzani kuti bowa wauchi amakhala m'chitsamo. Sizikukuuzani kuti bowa aliyense amene wamera pamenepo ndi iyeyo. Chitsa chimodzi chimatha kusunga mitundu iwiri kapena itatu nthawi imodzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera.

3. Zulani ndi tsinde lomwe

Musadulire pakati pa mwendo. Lowetsani mpeni pansi, mutukule bowa yense mpaka kumene wagwira. Jambulani gululo lisanazulidwe, kenako jambulani pansi pa chipewa ndi patsinde.

Chifukwa chake n'chachikulu. Bowa wambiri wa mtundu wa Amanita, kuphatikizapo Amanita phalloides amene wapha anthu ambiri kuposa bowa wina aliyense, ali ndi mphete pamwendo ndiponso ufa woyera (mbewu zimene zimagwa kuchokera pansi pa chipewa) ngati bowa wauchi. Chomusiyanitsa chili pansi: kathumba kokuta tsinde ngati chikoko cha dzira chosweka. Mukadulira pamwamba, kathumbako kamatsala m'dothi ndipo umboni watayika. Bowa wauchi alibe kathumba kotero. Mukakaona, tayani bowayo ndipo onse amene anali naye m'thumba limodzi muwaunikenso bwinobwino.

4. Unikani ziwalo zonse zinayi

Apa ndi pofunika kudekha, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pansi pamalo owala.

*Chipewa.* Kukula kwake ndi masentimita 3 mpaka 15. Akakhala wamng'ono chimakhala chobulungira, akamakula chimatambasuka mpaka kuphwatalala. Mtundu wake ndi wachikasu ngati uchi mpaka wabulauni, pakati pamakhala poderako. Yang'anani ndi galasi pakatipo: muona timamba kapena tiubweya ting'onoting'ono takuda, tothinana pakati, tochepa kulowera m'mphepete. Mvula yambiri imatha kutitsuka, ndiye bowa amene chipewa chake chili see, chopanda kanthu, musamudalire ngakhale zina zonse zikugwirizana. Kukanyowa chipewachi chimamata pang'ono.

*Nthiti za pansi pa chipewa.* Timizere timene timachokera pamwendo kupita m'mphepete. Timakhala toyera kapena tamtundu wa mkaka, bowa akakalamba timachita madontho ofiirira. Timizereti tiyenera kukhala togwira pamwendo, mwina kutsikirako pang'ono. Ngati pali mpata pakati pa nthitizo ndi mwendo, kumbukirani Amanita. Ngati ndi zobiriwira, zaolenji kapena zadzimbiri, si bowa wanu.

*Mphete.* Cha kumtunda kwa mwendo pamakhala mphete yokhuthala, yoyera kapena yokhala ndi chikasu m'mphepete, yooneka ngati thonje kapena kachikopa. Pa bowa wamng'ono kwambiri mpheteyi imakhala isanang'ambike, ikadali nsalu yophimba nthiti.

*Mwendo.* Ndi wolimba, waulusi, suthyoka mwa phwa ngati choko koma umang'ambika m'litali. Kumtunda ndi woyererako, kumunsi umada. Mukaung'amba mupeza m'kati mwake muli zoyera ngati thonje.

Ulipo mtundu wina wa bowa wauchi wopanda mphete, wotchedwa Desarmillaria tabescens. Anthu amadya, koma ine ndimati woyamba kumene asaukhudze. Mukachotsa mphete pa zizindikiro zanu mwatsala ndi zochepa kwambiri zodzitetezera nazo.

5. Dindani ufa wake papepala

Sitepe iyi ndi imene anthu amadumpha chifukwa imadya nthawi, chonsecho ndi imene imasiyanitsa chakudya ndi maliro.

Bowa aliyense wokhala ndi nthiti amagwetsa ufa wosalala kuchokera m'nthiti zake, ndiwo mbewu zake. Mtundu wa ufawu susintha ndi mvula kapena dzuwa monga chimachitira chipewa. Dulani mwendo pafupi ndi chipewa. Lumikizani pepala loyera ndi lakuda, ikani chipewacho nthiti zitayang'ana pansi, theka papepala loyera theka pa lakuda. Vundikirani ndi tambula kuti mphepo isaulutse ufawo. Siyani maola angapo, bwino kwambiri usiku wonse. Mukatukula mupeza chithunzi cha nthiti chitadindika.

Ufa wa bowa wauchi ndi woyera. Uoneka bwino papepala lakuda, pa loyera suoneka kwenikweni. Ukatuluka wadzimbiri, wabulauni, wakhofi kapena wakuda mopita ku pepo, nkhani yathera pomwepo, tayani.

Kutchire komweko mungaone kale chizindikirochi. Pagulu lothinana, zipewa zam'munsi zimakhala zitawazidwa ufa woyera wochokera ku zapamwamba, ngati wina wathirapo fulawa. N'chizindikiro chabwino, koma chisakulepheretseni kudinda papepala.

Chenjezo: bowa wamng'ono kwambiri kapena wouma satulutsa ufa. Pepala likakhala lopanda kanthu mbali zonse ziwiri, musanene kuti ufawo ndi woyera. Mulibe yankho, yesani ndi chipewa china chotambasuka. Ndipo dindani kuchokera pagulu lililonse, osati chipewa chimodzi choimira dengu lonse.

6. Dziwani amene amafanana naye

*Galerina marginata.* Uyu ndiye mdani wamkulu. Amamera pa mitengo yoola, nthawi zina pachitsa chomwecho, nyengo yomweyo. Ndi wabulauni, ali ndi kamphete. Kusiyana kwake: ndi wocheperako, chipewa chake kawirikawiri sichipitirira masentimita 5, n'chosalala chopanda timamba, mwendo ndi woonda, mphete ndi yopyapyala ndipo imada ndi ufa wake kapena kusowa kumene, nthiti ndi zachikasu mopita ku bulauni, ufa ndi wadzimbiri. Ali ndi poizoni wotchedwa amatoxin, yemweyo wa Amanita phalloides, amene amawononga chiwindi. Poizoniyu satha ndi kuwiritsa, kukazinga, kuyanika kapena kuumitsa m'firiji. Kabowa kang'onong'ono kabulauni kamene kalowerera pagulu lanu mukaone ngati Galerina mpaka mutatsimikiza kuti si iye.

*Hypholoma fasciculare.* Amamera mothinana kwambiri pa zitsa. Chipewa ndi chachikasu chowala, nthiti zachikasu mobiriwira zimene zimada akamakula, alibe mphete yeniyeni, ufa ndi wabulauni mopita ku pepo. Ndi wowawa ndipo amadwalitsa.

*Omphalotus.* Kawirikawiri ndi waolenji thupi lonse, kunja ndi m'kati, nthiti zimatsika kwambiri pamwendo, alibe mphete. Samalani naye chifukwa ufa wake ndi woyererako. Amasanzitsa koopsa.

*Pholiota ndi Gymnopilus.* Nawonso amamera m'magulu pamitengo ndipo ambiri ali ndi mphete. Pholiota squarrosa ali ndi mamba akuluakulu opindika pachipewa ndi pamwendo pomwe. Onsewa ufa wawo ndi wabulauni kapena wadzimbiri.

Mukaona bwino mndandandawu, palibe chizindikiro chimodzi chokwanira pachokha. Ufa woyera ali nawonso Amanita ndi Omphalotus. Mphete ali nayo Galerina. Kumera pachitsa amachita onse kupatula Amanita. Chimene mukufuna ndi zonse pamodzi: pamtengo, timamba pakati pa chipewa, nthiti zoyera zogwira pamwendo, mphete yokhuthala, mwendo waulusi wopanda kathumba, ufa woyera. Chimodzi chikasowa, bowayo sapita mumphika.

7. Sankhani mmodzimmodzi, kenako onetsani wodziwa

Yalani bowa yense patebulo. Nyamulani aliyense payekha, mutembenuze, muone nthiti, mphete ndi mwendo. Inde n'zotopetsa pamene mwabwera ndi dengu lodzaza, koma palibe njira yachidule. Aliyense amene akusiyana ndi anzake pa kukula, mtundu kapena kusalala aikidwe pambali n'kutayidwa.

Mukatha, tengani angapo athunthu, aang'ono ndi aakulu, pamodzi ndi pepala la ufa lija, mukaonetse munthu wodziwa bowa. Ayenera kuwagwira m'manja. Chithunzi cha pafoni sichionetsa tsinde, fungo kapena kulimba kwa mwendo.

Sungani bowa awiri kapena atatu aawisi m'thumba la pepala m'firiji kwa masiku angapo mutadya. Ngati wina adwala, achipatala adzafuna kudziwa chenicheni chimene chadyedwa.

8. Konzani

Tengani ang'onoang'ono olimba, amene zipewa zawo sizinatambasuke kwambiri. Okalamba, ofewa, onunkha kapena obooledwa ndi mphutsi tayani, chifukwa bowa woyamba kuola amadwalitsa ngakhale akhale wa mtundu wodyedwa. Dulani miyendo, makamaka kumunsi, poti ndi yolimba ngati luzi ndipo imalemera m'mimba. Sasani zinyalala ndi kaburashi, tsukani mwachangu, zipewa zikuluzikulu muzidule pakati kuti zipse mofanana.

Zotsala musakataye m'munda kapena pamanyowa pafupi ndi mitengo yanu. Armillaria ndi matenda a mizu, amapha mitengo ya zipatso ndi yamaluwa, ndipo akakhazikika m'dothi kumuchotsa n'kovuta zedi.

9. Wiritsani, madziwo mutaye

Bowa wauchi wamuwisi kapena wosapsa bwino amapweteka m'mimba, kusanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Bwatitsani madzi ambiri, thirani mchere pang'ono, ikani bowayo. Werengani mphindi 15 kuyambira pamene madzi abwatanso, osati pamene mwaika bowa. Pamwamba padzabwera thovu ndipo madzi adzachita kuterera. Khuthulirani musefa, madziwo atayidwe, bowayo mumutsukuluze ndi madzi ena.

Chenjezo: madzi amenewa musapangire msuzi ngakhale akununkhira bwanji. Komanso musadzaze poto mpaka pakamwa, chifukwa madzi amachedwa kubwata ndipo bowa wapakati satenthedwa mokwanira. Ngati ndi wambiri, wiritsani kawiri.

10. Phikani kachiwiri

Kuwiritsa kuja n'kukonzekera chabe. Mukhetseni madzi, tenthetsani mafuta m'chiwaya, mukazinge mphindi 10 mpaka 15 mpaka madzi onse ataphwa ndipo m'mbali mwayamba kufiira. Kutereku kumachepetsa kuterera kumene ena sakukonda. Ngati mukufuna msuzi wokhuthala, kutererako n'kothandiza, ingomuikani mumphika aphikike nthawi yaitali. Akapsa bwino amakhala wotafunika, wokoma mwamphamvu kuposa bowa wolimidwa, ndipo kwa ine ameneyu ndi mmodzi mwa bowa ochepa amene amayenera ntchito yonseyi.

11. Tsiku loyamba lawani pang'ono

Pali anthu amene bowa wauchi sawayanja ngakhale ataphikidwa bwino chotani. Simungadziwe ngati muli m'gulu limeneli mpaka mutayesa. Idyani zipewa ziwiri kapena zitatu zokha, dikirani tsiku lathunthu. Tsiku limenelo musadye bowa wina wakutchire, kuti ngati china chachitika mudziwe wolakwa, ndipo mowa muusiye kaye.

Aliyense m'nyumba ayese payekha. Kuti inu mwadya osamva kanthu sizikutanthauza kuti mnzanu adzateronso. Ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ofooka ndi odwala chiwindi kapena impso asapatsidwe. Ngakhale mwapeza kuti amakuyanjani, musadye mbale yodzaza masiku otsatizana.

12. Kusunga

Wamuwisi amakhala m'firiji tsiku limodzi kapena awiri, m'thumba la pepala. Wotsala muwiritseni monga pa sitepe 9, azizire, muike m'timapaketi m'firiji youmitsa, n'kulembapo tsiku. Ngati mwayanika, kumbukirani kuti kuuma si kupsa: pomudya muyenera kumunyika, kumuwiritsa ndi kumuphika mokwanira.

Wina akadwala

Kusanza kapena kutsegula m'mimba kumene kwayamba patangopita maola ochepa nthawi zambiri kumachokera ku bowa wosapsa kapena wosayanja. Komabe funsani achipatala, makamaka ngati sikukusiya kapena wodwalayo ndi mwana.

Choopsa kwambiri ndi chimene chimachedwa. Poizoni wa Galerina ndi Amanita phalloides amayamba kuonekera patapita maola 6 mpaka 24: kusanza kosalekeza, kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha, kupotokola. Kenako munthu amaoneka ngati wachira kwa tsiku limodzi kapena kuposerapo, pamene chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete, mpaka maso ayamba chikasu. Musadikire zimenezo. Zizindikiro zikayamba mochedwa chonchi, kapena mukangozindikira kuti mwina munasakaniza bowa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale mukumva bwino. Tengani bowa wamuwisi uja, zotsala za mumphika ndi zithunzi. Nenani nthawi imene munadya, ndipo onse amene anadya nawo apite, odwala ndi osadwala omwe. Kuyamba msanga kwa zizindikiro nakonso sikutsimikizira kuti zonse zili bwino, poti mumphika umodzi mukhoza kukhala mitundu iwiri.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

*Kukhulupirira foni.* Mapulogalamu ozindikira bowa pachithunzi amalakwitsa, ndipo amayankha motsimikiza ngakhale pamene alakwa. Akhoza kukupatsani dzina loti mukafufuze m'buku, koma asakhale iwo okuuzani kuti idyani.

*Kudalira zoyesera zopanda umboni.* Akuti bowa wodyedwa ndi tizilombo kapena nkhono ndi wabwino, akuti wapoizoni amadetsa supuni ya siliva kapena anyezi, akuti wakupha amawawa kapena kununkha. Zonsezi n'zabodza. Nkhono zimadya Amanita phalloides osafa, ndipo anthu amene anapulumuka atamudya amanena kuti anali wokoma.

*Kuganiza kuti moto umapha poizoni aliyense.* Umathetsa zimene zimavuta mu bowa wauchi, koma amatoxin amatuluka mumphika ali chimodzimodzi.

*Kugwiritsa ntchito buku la dziko lina.* Mitundu ya Armillaria imasiyana malinga ndi dera, ndipo ofanana nayo amasiyananso. Munthu amene wasamukira kwina aphunzire bowa wa kumeneko ngati woyamba kumene.

*Kuzolowera chitsa.* Munazulapo chaka chatha, munadya, munakhala bwino. Chaka chino chitsacho chaola kwambiri ndipo Galerina, amene amakonda mtengo wofumbwa, mwina wafikapo. Unikani ndi kudinda ufa ngati kuti simunafikepo.

*Kuchita bowa bwanga.* Gulu likakhala lalikulu mtima umathamanga, munthu amazula ndi manja awiri mpaka dengu kusefukira, ndiye kunyumba alibenso mphamvu zosankha mmodzimmodzi. Zulani okhawo amene mungathe kuwaunika ndi kuwawiritsa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

*Kuzula tating'ono kwambiri.* Tibowa tosatseguka n'tokoma, koma nthiti ndi mphete zake sizinaoneke ndipo sitidinda ufa. Tengani tokhato timene talumikizana tsinde limodzi ndi akuluakulu amene mwawatsimikiza kale. Kamene kamera pakokha m'mbali mwa gulu, kasiyeni pomwepo.